Majini a Wongani

LOLEMBA

Kuzizira! Kwathu ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma Juni wa ku Mzimba amalowa ndi m'mano momwe. Wongani ndamuveka majuzi awiri, chipewa, ndi masokosi a bambo ake ofika m'maondo. Akuoneka ngati kathumba ka mbatata koyenda kokha. Ali ndi zaka zinayi, watuluka m'chipatala sabata yathayi, ndipo sindikufuna kubwererako mwezi uno.

Bambo a Wongani akubwerera ku Joni Lamulungu. Thiransipota, wonyamula anthu ndi katundu pa ulendowu, watsimikiza. Akapita ndi chaka, mwina ziwiri. Ndiye kuti ndili ndi sabata ino yokha.

Mawu a apongozi akadali m'khutu. Mwana ali pa diripi, iwo ataima kumutu kwa bedi, akuuza mayi wa bedi loyandikana: "Kwithu kulije nthenda iyi." Kwawo kulibe matenda otere. Nanga anabwera nawo ndani? Sanatchule. Anangoyang'ana nsapato zanga.

Ine ndine mphunzitsi wa Bayoloje. Ana a eni ndimawafotokozera za sikoselo, matenda a Wongani omwewa, chaka ndi chaka, ena mpaka amakhoza. Ndilephere banja limodzi?

Pulani:
Kugula mikanda ndi ulusi.
Kuyesera phunziroli pa Fomu 4.
Bambo a Wongani akayezetse magazi, kuti tipite ndi pepala m'manja.
Loweruka kwawo ku Engutwini, pa mwambo wowatsanzika, onse atakhuta, ndiphunzitse.
Osalira. Osakweza mawu. Osanena kuti "tamvana?" ngati ndili m'kalasi.

Phunzirolo lili motere, ndipo ndiyenera kulifewetsa mpaka lilowe m'Chitumbuka changa chotsimphinachi.

Thupi ndi timaselo. M'kati mwa selo muli kachipinda, nyukiliyasi, mosungira malangizo onse a thupi, amene timati DNA. Malangizowo analembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C, mobwerezabwereza. Satuluka m'kachipindamo. Kachigawo kamodzi ka malangizowo ndi jini, tikachuluka timati majini. Selo likafuna kupanga chinthu, limakopera jini lofunikalo, ndipo kopelo, mRNA, ndilo limatuluka. Panja likumana ndi raibosomu, telala wa m'selo. Telalayo amawerenga zilembo zitatuzitatu. Zitatu zilizonse zimaitana mkanda umodzi, amino asidi, iye n'kuutunga ku ulusi. Mkanda pa mkanda mpaka chingwe chatha, chadzipinda. Puloteni ndi imeneyo.

M'magazi muli puloteni yonyamula mpweya. Mwa Wongani, pamene panayenera kulembedwa GAG panalembedwa GTG. Chilembo chimodzi! Telala salakwa, amatunga zimene wawerenga. Ndiye mkanda wachisanu ndi chimodzi umalowa wina. Basi. Mpweya ukachepa mapuloteniwo amamatana, selo lofiira limapindika ngati chikwakwa, limakodwa m'timitsempha, mwana n'kuyamba kukuwa.

Ndipo mutu wa nkhani: mwana amalandira makope awiri a jini limeneli, lina kwa mayi, lina kwa bambo. Limodzi likakhala labwino munthu sadwala, amangonyamula. Kuti adwale, onse awiri akhale olakwika. Langa ndikulidziwa, ndinayezetsa. Linalo silinachokere ku Dedza.

Madzulo. Mikanda ndagula pamsika, mitundu isanu. Ma amino asidi alipo mitundu makumi awiri, koma apongozi sakandifunsa zimenezo. Mayi wogulitsa akundikulungira uku akuseka: "Afika a ku Joni eti? Tengani yofiira yambiri." Akuganiza kuti ndi ya m'chiuno. Ndati ndi ya phunziro. Wati, "Eee, phunziro ndithu."

LACHIWIRI

Fomu 4. Sewero la mapuloteni.

DNA ndi Gomezgani, wamtali kuposa onse. Ndamulowetsa mu sitolo ya zipangizo za sayansi atanyamula katoni ya zilembo, chifukwa DNA satuluka. mRNA ndi Lusungu, akopere kudzera pawindo. Raibosomu ndi mnyamata wina wakumbuyo amene wadzipereka yekha, koyamba chaka chino. Anayi ena ndi ma tRNA, onyamula mikanda kupita nayo kwa telala.

Zimene zikuchitika:
Lusungu akukana kukopera pawindo chifukwa Gomezgani akumunong'oneza zina zosalembedwa pa katoni.
Ma tRNA akulimbirana mikanda yobiriwira.
Raibosomu wayamba kuwerenga pa chilembo chachiwiri m'malo mwa choyamba, ndiye zitatuzitatu zonse zasokonekera, chingwe chonse n'cholakwika kuyambira kumutu. Ndikuti zimenezi zimachitikadi m'thupi, ndi vuto lenileni! Kalasi yonse ikumuombera m'manja. Iye akuwerama.

Kenako funso lija, limene limapha phunziro lililonse m'dziko muno: "Madamu, zibwera pa mayeso?"

Ndikuti osati mozama chonchi.

Makope akutsekedwa, phi, phi, phi.

Belu. Ndikupita kukatulutsa DNA. Wina wadina loko, ati kuti nyukiliyasi ikhale yeniyeni. Kiyi ali ndi aphunzitsi a Fizikisi. Aphunzitsi a Fizikisi ali ku maliro ku Ekwendeni.

DNA wakhala mu sitolo mpaka nthawi yoweruka. Tamupatsira zitumbuwa pawindo. Alonda amasula mahinjesi ndi chikwanje. Ahedi: "Madamu, uyu ndi mwana wa eni. Sayansi ikhale ndi malire."

Ndikutolera mikanda pansi, Lusungu watsalira kundithandiza. Akudziwa za Wongani, pasukulu pano palibe amene sakudziwa. "Madamu, ndiye chilembo cholakwikacho sangachifufute n'kulemba china?" Ndati kunja akuyesa, kwa anthu a ndalama. "Nanga kuno?" Ndati kuno timaveka mwana juzi ndi kumumwetsa madzi ambiri.

Kunyumba kulibe popondapo. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni wamva kuti bambo a Wongani akunyamuka. Ufa, nyemba, usipa, chinangwa, zitenje, thumba lina lomangidwa kwambiri limene sindikufuna kudziwa. Pabalaza pakununkha ngati msika wa nsomba.

Za kuyezetsa, bambo a Wongani: "Mawa, NyaPhiri. Mawa m'mawa."

Ndalemba pa khoma la m'mutu: mawa m'mawa.

LACHITATU

M'mawa wafika. Bambo a Wongani kulibe. Apita ku Manyamula kukatenga katundu wa mayi wa mnzawo. Ati n'zosakanika, mnzawoyo ndiye anawapezera ntchito.

Pa buleki ndaimbira apongozi kupempha kamphindi Loweruka. Ndakonzekera ziganizo zitatu za Chitumbuka, ndaziloweza ngati ndakatulo. Ndapereka moni, ndafunsa za ng'ombe, za miyendo yawo. Kenako: "Amama, nthenda ya Wongani yili mu majini. Pa Chisulo nizamulongosora makora." Matenda a Wongani ali m'majini, Loweruka ndidzafotokoza bwino.

Ndikuyang'ana foni ngati mayunitsi atha.

Kenako, mofatsa: "Mwayowoya mwekha, mkamwana. Yewo chomene."

Mwanena nokha, mpongozi wanga. Zikomo kwambiri.

Andithokoza! Chikwatiwire m'banja lino sanandithokozepo ngakhale pa chitenje cha Khirisimasi. Mwina ndinkawaweruza molakwa. Mwina anthu amangofuna wina awauze zoona. Ndagula mandasi awiri kudzisangalatsa.

Masana. Ndikutunga zingwe ziwiri patebulo, chabwino ndi cholakwika, zosiyana mkanda umodzi. Zokongola. Ndadzuka kukaphula madzi. Pobwera, Wongani wakhala chete mwaulemu, chete amene mayi aliyense amamuopa.

"Amama, walowa."

Mkanda wofiira. Mphuno yakumanzere. Ndikuuona ukunyezimira m'katimo.

Ndayesa kumuminitsa, akukokera m'kati. Ndatenga chipini, ndachibweza. Ine amene ndimadziwa dzina la fupa lililonse la m'mphuno!

Bambo ake atulukira ndi thumba la mtedza paphewa. Aliponya pansi, amugoneka mwana pamiyendo, atseka mphuno inayo ndi chala, amuuzira mkamwa kamodzi, mwamphamvu. Mkanda wauluka mpaka pa khoma. Wongani akuseka, akuti abwerezenso. Iwo amukumbatira nthawi yaitali, nkhope ataibisa m'chipewa chake. Akumuimbira kanyimbo ka kwawo. Mwamuna ameneyu mwana wake amamukonda, izi sindinakayikepo.

Kenako kwa ine, osayang'ana: "Sayansi yakoyi itiphera mwana."

Mikanda yonse ili m'chimbudzi. Ndataya ndekha.

Pulani yatsopano: nyemba, chimanga, mtedza, soya, nandolo. Sizitungika, ndizingondandalika pa lichero. Komanso anthu a kumudzi azimva bwino. Mwina n'zabwinonso kuposa mikanda. Ndikudziuza choncho.

Za kuyezetsa: "Lero kwada. Lachisanu."

Lachinayi lalowa kuti?

LACHINAYI

Ndadziwa kumene Lachinayi linalowa.

Ndikuchokera kusukulu masana, ndikumva phokoso kuyambira pa mjigo. Pakhomo panga pali njinga yamoto ndi anthu oyandikana nafe ataima m'mipanda. Pakhonde, bambo wa suti yoyera ndi nsapato zosongoka, botolo la madzi m'manja. Patsogolo pake Wongani, atavulidwa, watsala ndi kabudula wam'kati, pamphepo imeneyi. Akumuwaza madzi. Milomo yachita imvi. Bambo ake aima pakhomo atanyamula majuzi awiri, ataapinda bwinobwino.

"Tuluka! Tchula dzina lako! Tuluka!"

Ndi mneneri. Atumiza ndi apongozi. Chifukwa mkamwana wavomera yekha pa foni kuti mwana ali ndi majini.

Majini.

Zaka zonsezi ndikulemba mawu amenewa pa bolodi, sindinawamvepo ndi khutu la munthu wamba. Iwo amva majini a ziwanda, aja amati amagulidwa kunyanja yamchere n'kusungidwa m'botolo. Yewo chomene uja anali wa chimenechi.

Lamulo loti osakweza mawu lafa pomwepo. Sindikukumbukira zonse zimene ndanena. Ndikukumbukira kuti ndalanda mwana, ndalanda majuzi, ndipo botolo lija lagwera m'maluwa.

Mneneri, akubwerera cham'mbuyo, chala m'mwamba: "Mwaona? Layamba kuyankhula kudzera mwa mayi!"

Nditamufunditsa mwana ndatulukanso. Ndikuyesa kufotokoza modekha kuti pali jini ndi jini, kuti limene ndimanena ine ndi la Chizungu, la m'mabuku.

"Achizunguwo ndiye oopsa, mayi. Samva Chichewa."

Mayi wa nyumba yachitatu akugwedeza mutu kuvomereza. Mwana wake ndimamuphunzitsa ine.

Mneneri wadya mpunga ndi mazira, poti wachokera kutali, ndipo bambo a Wongani amuthirira mafuta m'njinga. Ponyamuka watiuza kuti ntchito yatheka theka, theka linalo ndi mayi.

Bambo a Wongani: "Ndikanawakaniza bwanji? Atuma ndi amama."

Ndalowa kuchipinda kwa mwana. Ndikanayankha, mneneri akanakhala wolondola.

Madzulo Wongani wakana phala. "Mwendo ukuluma." Wakumanja, pansi pa bondo. Ndikudziwa chimene chikuchitika m'katimo, ndikhoza kuchijambula ndi choko cha mitundu itatu: kuzizira, timitsempha tafinyika, maselo apindika, akodwa. Kudziwa kwanga sikumasula ngakhale selo limodzi.

Nsalu yofunda. Mankhwala opha ululu. Madzi, kapu ndi kapu, momunyengerera. Thupi silinatenthe. Likatentha, kuchipatala, zivute zitani. Chikwama chili pakhomo kale.

Bambo ake akhala kumiyendo kwa bedi akusisita phazi la mwana. Usipa ukununkha.

LACHISANU

Sitinapite kuchipatala. Ululu wachepa. Akuyenda chotsimphina, akufuna tiyi. Zikomo Ambuye.

Ndapempha kwa ahedi maola awiri. Andipatsa mwachangu, ndikuganiza kuti akuopa kuti nditsekeranso wina. Wongani ndamusiya kwa mayi a nyumba yoyandikana, ndi malangizo okwana buku. Bambo ake ndawagwira dzanja ngati akhungu mpaka pa kakiliniki kena kolipira, kuseri kwa msika, kumene ndafunsa kale kuti amayeza.

Takhala pa benchi. Avala jekete ya ku Joni, ya chikopa.

"Amatenga ochuluka bwanji?"

Ndikuti pang'ono, kabotolo kochepa ngati chala.

"Ndipo amayeza chimodzi chokhacho?"

Ndikuti eya, sikoselo basi.

"Koma magazi akakhala m'manja mwawo, akhoza kuona zina."

Ndikuti sayeza zimene sunawapemphe.

Akuwerenga chipepala cha pakhoma cha kasambidwe ka m'manja, mzere ndi mzere, ngati muli nkhani.

"Ndikagule mayunitsi. Thiransipota akhoza kuimba."

Mayunitsi amagulitsa pakhomo pomwepo. Ndikuwaona pawindo akudutsa wogulitsayo, akudutsa wa nthochi, akudutsa okonza njinga. Jekete ikucheperachepera.

Ndakhala. Poyamba ndakwiya. Kenako mawu aja afika bwinobwino, mochedwa, ngati minibasi ya ku Euthini. Akhoza kuona zina. Mwamuna wamoyo, zaka zitatu ku Joni, kubwera kamodzi pa chaka. Sakuopa GTG ayi. Akuopa zilembo zina zitatu, za kachilombo kaja.

Atiitana. Wa labu wakonza kale singano, akuyang'ana kumbuyo kwanga kufuna bambo. Ndakhala pampando ndekha, ndapinda mkono wa bulauzi. Ndati sikoselo ndikudziwa kale, yezani chinacho.

Ndilibe. Koma ati popeza abambo angobwera kumene, ndidzabwerenso pakatha miyezi itatu. Wandiuza mokoma mtima, ngati akundiitanira ku ukwati.

Ndabwerera kusukulu. Fomu 2, magawo a duwa. Ndajambula duwa lalikulu, lokongola, ndalemba mayina onse. Palibe wafunsa kanthu.

Madzulo bambo a Wongani afika ndi nyama ya nkhumba yootcha ndi kagalimoto kapulasitiki ka Wongani. "Mzere unali wautali, NyaPhiri." Pa benchi tinalipo awiri.

Pepala palibe. Koma sayansi siifuna pepala. Mwana akadwala sikoselo, bambo ndi mayi onse ananyamula, palibe njira ina. Ndikangofotokoza bwino, aliyense aona yekha. Ndasankha nyemba zosafumbwa. Ndazimanga m'timapepala, mtundu ndi mtundu.

LOWERUKA

Engutwini. Tapita pa kagalimoto ka msuweni wawo, Wongani ali m'bulangete pamiyendo panga, fumbi likulowa pansi pa chitseko.

Kusukulu ndine Madamu. Kuno ndine mkamwana. Chitenje, mpango, maondo pansi. Ndatunga madzi. Ndatsuka matumbo a mbuzi m'madzi ozizira mpaka zala zafa. Ndagwadira amalume, azakhali, abambo aang'ono, ndi bambo wina amene pambuyo pake ndamva kuti amangodutsa.

Adya. Apemphera. Abambo aang'ono alangiza wapaulendo kuti asaiwale kwawo, ndipo atchula malata. Kenako apongozi: "Mkamwana wali na mazgu." Ali ndi mawu.

Amuna pa mipando, akazi pa mphasa, ine pakati ndi lichero. Koyamba m'moyo wanga kuphunzitsa nditagwada.

Ndayamba ndi kupepesa za majini. Ndati mawuwo tiwataye, tizingoti malangizo. Ndati thupi lili ngati mudzi wa nyumba zambirimbiri, nyumba iliyonse ili ndi buku losatuluka panja, ndi wokopera, ndi telala. Chitumbuka chandithera pa telala, ndapitiriza m'Chichewa. Ndandandalika mzere woyamba: nyemba, chimanga, soya, mtedza, nandolo, nyemba. Pansi pake wachiwiri, wofanana, koma pa malo achisanu ndi chimodzi ndaika mtedza.

Nkhuku yadya chimanga cha mzere woyamba.

Ndaikapo china. Yabwera ndi inzake.

Abambo aang'ono agona, pakamwa pali yasa. Azakhali akufunsa kuti soyayu ndi wa mtundu wanji, ndinagula kuti. Amalume akuti telala wa ku Manyamula nayenso anawaonongera thalauzi, ndiye nkhaniyi akuimva bwino.

Koma apongozi! Asendera pafupi. Athamangitsa nkhuku ndi ndodo osachotsa maso pa lichero. Ndi ine amayankhula Chichewa akafuna kuti ndisaphonye kanthu, ndipo lero akufuna.

"Telalayo saona kuti walakwa?"

Ndikuti sangaone, amama, iye amatsata zolembedwa.

"Ndiye wolakwa ndi buku."

Eya, amama!

"Ndipo akasoka mawa, asokanso chimodzimodzi. Mpaka kufa."

Eya.

Nkhuku yasokoneza mzere wachiwiri. Ndisanatambasule dzanja, iwo aukonza okha. Mtedza aubwezera pa malo achisanu ndi chimodzi, osawerenga mokweza. Pa ana onse amene ndaphunzitsa, palibe anagwira msanga chonchi. Mtima wanga ukuvina. Ndikulowa mutu wa nkhani: mabuku awiri, lina la mayi, lina la bambo. Limodzi lolakwika, munthu ali bwino. Awiri, mwana adwala. Langa ndi lolakwika, ndikuvomera pamaso pa onse.

"Mbwenu limodzi ndi lanu, mkamwana."

Eya, amama.

"Linalo la wiske wa mwana. Bambo wake."

Eya.

"Ndipo bambo akakhala alibe, mwana sangadwale. Ngakhale pang'ono."

Sangadwale, amama. N'zosatheka.

Ndatsala pang'ono kunena kuti "tamvana?"

Awongoka. Apukuta manja pa chitenje. Ayang'ana amalume, azakhali, agwedeza abambo aang'ono kuti adzuke.

"Mwapulika mose. Mwana wane walije nthenda. Ndopa zithu ni ziweme. Sono mwana uyu ngwa njani?"

Mwamva nonse. Mwana wanga alibe matenda. Magazi athu ndi abwino. Tsono mwanayu ndi wa yani?

Ngakhale nkhuku zaima.

Wongani ali pamiyendo pa bambo ake, akuyendetsa kagalimoto pa bondo lawo. Makutu amodzimodzi, otambalala ngati zogwirira poto. Mpata wa m'mano umodzimodzi. Mudzi wonse ukuona. Palibe akunena.

Ndikuyang'ana mwamuna wanga. Akukanda khadi la mayunitsi ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, mosamala kuti nambala isafufutike.

Ndikuti, ndi mawu amene si anga: akayezetse, pepala linena.

Mwamuna wanga: "Nthawi yatha. Mawa ulendo."

Amalume akuti nkhani zotere sizikambidwa munthu ali paulendo, zimabweretsa ngozi pamsewu. Adzaikamba akadzabwerako. Onse avomera, mopepukidwa. Wina wayambitsa nyimbo.

Sindinalire. Pa malamulo atatu aja, awiri apulumuka sabata ino.

Nyemba zija azakhali atenga, ati akadzala.

LAMULUNGU

Sindinapite ku tchalitchi. Mlaliki wa lero mwana wake ali Fomu 4, ndipo nkhani ya mneneri yafika kale kumeneko.

Pa depoti. Galimoto ya thiransipota ndi ngolo yake kumbuyo, katundu mulu kuposa galimotoyo. Akumanga zingwe, akukangana za thumba la usipa. Akazi ena atatu aima ngati ine, ana kumsana. Tikudziwana nkhope, sitipatsana moni.

Chichokere ku Engutwini sitinayankhulane. Ndabwera chifukwa Wongani analira kuti akufuna kuona galimoto.

Dalaivala waliza hutala. Bambo a Wongani amutsitsa mwana, amuuza kuti akawerenge matayala. Aima pambali panga, akuyang'ana kutsogolo, ngati tikudikira basi tonse.

"Ine si woyamba kubadwa, NyaPhiri."

Ndikudziwa kuti ndi oyamba. Aliyense amatero.

"Panali Chawanangwa. Ndimamukumbukira pang'ono. Manja ankatupa, maso achikasu, kulira kogwira miyendo. Anapita asanayambe sukulu. Panalinso wamkazi, ameneyo sindinamuone. Agogo ankati ndi magazi a amama. Anawabweza kwawo chaka chathunthu, ine ndili kumsana."

Ndikufunsa kuti nanga dzulo munakhaliranji chete.

"Ndikanati chiyani? Kuti anapha ana awo ndi iwowo?"

Ndikuti sanaphe aliyense. Bukulo linali kwa iwo ndi kwa malemu adada, onse awiri, ndipo palibe amasankha. Ndi zimene ndinkanena dzulo lonse!

"Anamva. Amama samva kawiri." Akonza kolala ya jekete. "Usakawafunse, ndapota. Dzina limenelo silitchulidwa."

Za benchi lija sananene, ine sindinafunse. Akwera. Mpando wawo ndi wapakati, ndiye ngakhale dzanja sindinalione. Ngolo yadutsa ikupendama.

Ndiye ndi mmenemo. Ku Engutwini ndine mkazi amene ayenera kudzafotokoza mwini mwana, mwamuna akadzabwerako. Pamzere wa nyumba zathu ndine mayi wa majini. Amene anamvetsa phunziro langa kuposa onse anaika ana awiri m'manda ndisanabadwe, anasenza yekha mlanduwo, ndipo tsopano wapeza poutulira. Ndikufuna kudana nawo. Ndayesa masana onse. Zikutheka theka.

Pabalaza pali mbee, fungo lokha latsala. Ndatsegula mawindo, ndatsekanso chifukwa cha mphepo. Mawa Fomu 4, kubwereza mafunso a mayeso akale. Zokhazo zimene zibwere.

Wongani wamwa mankhwala ake osavuta. Akufunsa kuti adada abwera liti. Ndamuuza kuti ukadzatalika kufika pa chotsegulira chitseko.

Wapita kukaima pachitseko. Wanyanyamphira, ndi mwendo wabwinowo. Akuti ndiyang'ane.

Ndikuyang'ana.